Akuti anthu ngati ine timagula ka Bluetooth

Anzanga a kunja kuno, dzulo ndinalowa m'sitolo ya zamagetsi ndili ndi nsapato za kuntchito, fumbi lili mbuu. Ndinkafuna kabokosi kamodzi basi, streamer yotchipa yokhala ndi DAC m'kati, kaja kokoka nyimbo pa Wi-Fi n'kusandutsa manambala kukhala mawu opita ku ampulifaya pa zingwe za RCA. Mnyamata wogulitsa anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenako akuti, "Anthu ngati inu mumakonda kasipika ka Bluetooth, kali uko." Anthu ngati ine!

Ndinamufunsa ngati kabokosiko kamalandira FLAC, mtundu wa fayilo ya nyimbo yosataya kalikonse, ya mlingo wapamwamba wa 24-bit pa 192 kHz, ngati kali ndi AirPlay 2 ndi Spotify Connect, njira zoimbira nyimbo pa Wi-Fi pogwiritsa ntchito foni, ngati kali ndi pobayira chingwe cha optical. Mnyamata uja n'kuyamba kuwerenga pakatoni. Sadziwa n'komwe kuti Bluetooth wamba amafinya nyimbo ndi njira yotchedwa SBC, pomwe pa Wi-Fi kabokosi kamadzitengera kokha, foni n'kungokhala rimoti. Koma mbuli ndine. Apo mlonda ali pambuyo panga ngati mchira. Ndinagula dala, mwaukali, ndalama ya basi n'kuthera pomwepo.

Kufika kunyumba, eni nyumba asinthanso pasiwedi ya Wi-Fi, rauta anaitsekera kuchipinda kwawo. Tilipo 7 muno, aliyense maso pa vidiyo, Wi-Fi ya 2.4 GHz yadzaza, ya 5 GHz ikukanika kudutsa makoma awiri. Nyimbo ikuchita chibwibwi. Ampulifaya ndinatola pomwe amataya katundu wakale, masipika si apachibale, lina lalitali lina lalifupi. Ndikangokweza pang'ono, wa chipinda chinacho gogogo pakhoma, pomwe iye amakoka mipando usana wonse ine ndikufuna tulo ta shifiti ya usiku. Anthu ngati inu. Ndimatsuka pansi pomwe iye amapondapo, ndiye aziti chiyani?

Ndisaname, nanenso ndine chitsiru china. CD ndi 16-bit pa 44.1 kHz, ndipo khutu la munthu limalekezera pa 20 kHz, pamenepo akadali mwana. Langali makina a kufakitale anadya kale, usiku limalira lokha ngati nkhululu. Nanga 192 kHz ndikaimvera kuti? Mnzanga wina anadzimangira streamer yake ndi kakompyuta ka Raspberry Pi ndi pulogalamu ya Volumio, akundiseka mpaka pano. Komabe mawu a mnyamata wogulitsa uja akundiwawa kuposa renti. Sanandifunse n'komwe kuti ndimamvera nyimbo zanji.

Mwana wanga wamkazi ananditumizira mawu pa WhatsApp sabata yatha, akuimba kanyimbo ka kusukulu. Ndinamusiya kwathu asanayambe kulankhula. Usiku wa dzulo, Wi-Fi itagwira, ndinamuika pa masipika aja motsitsa kwambiri kuti asagogode. Ndinamva pomwe akukoka mpweya, ndi amayi ake kumbuyo akumukumbutsa mawu oiwalika. Ndinabwereza ka 9 nditakhala pansi, nsapato ndisanavule. Katoni ya kabokosika sinditaya, ndaiika m'sutikesi pamodzi ndi pasipoti.