Lekani kugawa malikisi ngati makuponi!

Sabata yatha ku Lifuwu, pa gulu lathu la alimi a mpunga, kunabwera mnyamata wofuna ntchito yowerengera ndalama. Digiri ili m'manja, pepala lodzaza ndi malikisi apamwamba okhaokha. Ndinamufunsa kuti: matumba 40, lililonse K60,000, uchotsepo 5 peresenti ya gulu, mlimi atenga zingati? Mwana anatuluka thukuta. Kenako anapisa m'thumba kuti afunse ChatGPT, pulogalamu ya pa foni yoyankha mafunso! Mayi wogulitsa usipa ku Kamuzu Road akanayankha asanameze n'komwe malovu.

Inu aphunzitsi a m'makoleji, chakulowani n'chiyani? Kalasi yonse kukhoza mwapamwamba, osalephera ndi mmodzi yemwe? Nzeru zimenezi zimathawira kuti mwana akangovula gauni, poti ngakhale kalata yofunsira ntchito ikumukanika? Ena mukuopa kuti wolephera achoka ndi fizi yake, koleji iuma. Ena mwazolowera kaenvelopu. Enanso, ndikunena mtima ukuwawa, mukupempha thupi kwa ana aakazi kuti muwawonjezere malikisi. Mwana wa mnzanu ameneyo! Manyazi munawasiya kuti?

M'masiku athu wolephera ku yunivesite ku Zomba ankabwerera kumudzi ndi sutikesi yake pamutu, ndipo amene watsala tinkadziwa kuti ndi katakwe. Lero digiri yagwa ngati kwacha ija inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: pepala ndi lomwelo, koma siligula kanthu. Amene akupwetekeka ndi mwana wakhama, wogonera usiku pa mabuku, chifukwa olemba ntchito sakumusiyanitsanso ndi mnzake wa likasa. Mwaiwala kale za 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa atabedwa, osalakwa n'kulemberanso limodzi ndi akuba?

Makolo nanunso musaloze ena chala. Mwagulitsa mbuzi, mwagulitsa bwato, kenako mukuimbira foni aphunzitsi kuti "mumuganizire mwana wanga". Amuganizire chiyani? Mukadzagona m'chipatala namwino wa malikisi opempha akukuyezerani mankhwala, mudzamuganizira? Mlatho wa pa msewu wa M5 ukadzamangidwa ndi injiniya wa likasa, mudzawoloka ndi ana anu mvula ili mkati? Anthu adzafa, ndipo adzakhala abale anu omwe.

Mnyamata uja tinamubweza, ntchito tinapatsa mtsikana wa Folomu 4. Amene munamusainira digiri ija, dzimvereni chisoni!