Mafuta a Sitima za Mawa: Namibia, Mozambique ndi Ife Opanda Doko

Ife a ku Harare nyanja yamchere timangoimva m'kamwa mwa madalaivala a mathiraki, koma katundu wambiri wa m'mashopu muno anakwerapo sitima yapamadzi. Makontena ena amatsitsidwa ku Beira n'kulowera pa Forbes ku Mutare, ena amachokera ku Durban kudzera pa Beitbridge. Dizilo ndi petulo zimabwera m'paipi yochokera ku Beira, kudutsa pa Feruka mpaka ku Msasa. Abale athu kumudzi ku Malawi nawonso maso ali ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Choncho eni sitima akamakangana za kusiya mafuta okumba pansi, tisamati ndi nkhani ya azungu. Mtengo wa ulendo wa sitima umadzathera pa thumba la feteleza.

Sitima zapamadzi zimatulutsa pafupifupi 3 peresenti ya mpweya wonse wotenthetsa dziko, ndipo mu 2023 mayiko a m'bungwe la IMO, loona za sitima zapamadzi pa dziko lonse, anagwirizana kuti pofika cha m'ma 2050 utsi umenewu ukhale utathetsedwa. Njira zoyesera zilipo kale. Kampani ya Maersk inatulutsa Laura Maersk mu 2023, sitima ya makontena yotha kuyendera mafuta otchedwa methanol. Chaka chomwecho Pyxis Ocean inayamba ulendo itamangidwa matanga aatali olimba kuti mphepo ithandize injini. Ku Norway kuli Yara Birkeland yoyendera mabatire, koma imeneyo ndi ya maulendo afupiafupi m'mbali mwa gombe, singafike ku Beira kuchokera ku China. Pa maulendo ataliatali ambiri akuyang'ana ku amoniya, mankhwala opangira feteleza, yemwe akamayaka satulutsa kaboni, ngakhale kuti ndi wakupha akatayika ndipo amafuna matanki aakulu kuposa a dizilo.

Namibia yasankha amoniya ameneyu. Dziko lili ndi dzuwa, mphepo ya m'chipululu ndi madoko awiri, Walvis Bay ndi Lüderitz. Pafupi ndi Lüderitz kampani ya Hyphen ikufuna kupanga mpweya wa hydrogen pogawa madzi ndi magetsi a dzuwa ndi mphepo, kenako n'kumusandutsa amoniya. Ku Walvis Bay kampani ya sitima ya ku Belgium, CMB.TECH, inamanga kale malo opangira hydrogen mogwirizana ndi anthu a bizinesi a komweko. South Africa nayo ili ndi mapulani otere ku Coega ndi ku Boegoebaai, ambiri akadali papepala. Kuyambira kumapeto kwa 2023, pamene sitima zinayamba kuthawa zipolopolo za ku Red Sea n'kumazungulira ku Cape, madoko a kuno kummwera aona okha kuti kumwetsa sitima mafuta ndi malonda.

Mozambique yatenga njira ina. Iwo akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno: gasi ali pansi pa nyanja ku Cabo Delgado, ndipo kuyambira mu 2022 fakitale yoyandama ya Coral Sul ikumutumiza kunja. Sitima zambiri zatsopano zikuyenderadi gasi wa LNG, woziziritsidwa mpaka kukhala ngati madzi, ndipo utsi wake ndi woyerako. Sindiwadzudzula anthu amene akufuna ndalama za sukulu ndi zipatala lero. Koma gasi ndi mafuta okumba pansi basi, ndipo akathawa m'injini osayaka amatenthetsa dziko kwambiri kuposa utsi wamba. Dziko limene linaona Beira ikuphwasuka ndi namondwe Idai mu 2019, dziko limene lili ndi magetsi a Cahora Bassa oposa mamegawati 2,000 omwe ambiri amagulitsidwa ku South Africa, likanatha kukhala patsogolo pa amoniya kuposa Namibia.

Chimene chimandiwawa mtima ndi chakuti Zimbabwe inali nayo kale njira imeneyi. Ku Kwekwe, fakitale ya Sable Chemicals inkagawa madzi ndi magetsi kuti ipeze hydrogen, n'kupanga amoniya wa feteleza, kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Zimene dziko lonse lero likuzitcha zatsopano, makolo athu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Midlands anazigwira ndi manja awo. Makina amenewo anazimitsidwa mu 2015 chifukwa magetsi anali osakwana ndiponso odula, ndipo fakitale inayamba kudalira amoniya woitanitsa kuchokera kunja. Amene anakhala mumdima maola ambirimbiri mu 2024, madzi atachepa kwambiri ku Kariba, akudziwa kuti vuto silinachoke. Popanda magetsi ochuluka ndi otchipa, palibe amoniya woyera, kaya wa sitima kaya wa m'munda wa chimanga.

Pa nzimbe ndiye Malawi ndi Zimbabwe amafanana. Ku Dwangwa anayamba kupanga ethanol mu 1982, kenako ku Chikwawa, ndipo kuno tili ndi Triangle ndi Chisumbanje. Mayiko onse awiri amamusakaniza ndi petulo. Ena amati bwanji osagulitsa kwa eni sitima, poti injini za methanol akuziyesanso ndi ethanol? Ine ayi. Sitima imodzi yaikulu imamwa matani ambirimbiri pa tsiku, ndipo minda yothirira ya ku Lowveld kapena kuchigwa cha Shire ikaperekedwa ku ludzu limenelo, anthu adzasowa polima chakudya. Ethanol wathu akhale wa magalimoto athu. Ngati Malawi ikufuna poyambira pa madzi, payambire pa nyanja ya Malawi, pamene sitima ya Ilala yakhala ikuyenda kuyambira 1951 ndipo madoko a Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba ndi otalikirana pang'ono moti mabatire odzazidwa ndi dzuwa angathandize.

Ndikaika zonsezi pa sikelo, njira ya Namibia ndiyo yandikomera, koma pokhapokha amoniyayo asamangokwera sitima kupita ku Ulaya. Gawo lina lisanduke feteleza wa alimi a ku Mashonaland, ku Chipata ndi ku Lilongwe, amene lero amadikira wochokera kutsidya la nyanja.

Pali chinanso chimene aboma athu asagone nacho. Mu October 2025 IMO inaimitsa kwa chaka chimodzi voti ya lamulo lolipiritsa sitima zotulutsa utsi wambiri. Likadzadutsa, eni sitima adzaika ndalamazo pa mtengo wa kontena, ndipo ife amene timalipira kale thiraki ya makilomita oposa 500 kuchokera ku Beira tidzamva kuwawa kawiri. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe onse ndi mamembala a IMO. Apite limodzi ku London, ku likulu la IMO, akanene kuti gawo la ndalama zimenezo libwere kudzamanga magetsi ndi njanji m'mayiko opanda doko.