Malo oika katundu m'ndege ndi a tonse

Ndinawerenga nkhani ina yonena za kulimbirana malo oika katundu m'ndege, imene inati vutoli limabwera chifukwa cha dyera la apaulendo. Ndikugwirizana ndi wolemba nkhaniyo kuti mabokosi oikamo katundu amene ali pamwamba pa mipando ya m'ndege si a munthu mmodzi, ngakhale bokosilo litakhala pamutu pake penipeni. Komabe sindikuvomereza kuti vuto lonse ndi dyera la apaulendo. Kuyambira mu 2008, pamene American Airlines inayamba kulipiritsa chikwama choyamba chopita kunsi kwa ndege, makampani ambiri anatengera zomwezo, ndipo anthu anayamba kulowa ndi zikwama zikuluzikulu pothawa kulipira, chonsecho mabokosiwo sanakonzedwe kuti mukwane chikwama cha wina aliyense.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi munthu amene mpando wake uli kumbuyo koma amasiya chikwama kutsogolo kuti akatsike mosavuta. Mayi wobereka mwana akafika pamalo pake amapeza m'bokosi modzaza kale, ndipo chikwama chake, momwe muli mkaka ndi matewera, chimakaikidwa kutali moti amavutika nacho ulendo wonse. Pa ndege zing'onozing'ono ngati Q400 zikwama zina zimalandidwa pakhomo n'kupita kunsi, ndipo mwini wake amayamba kufukula mwachangu kuti atulutse mankhwala ake ndi power bank, popeza mabatire otere saloledwa kumeneko.

Kachikwama kakang'ono ndi jekete zizilowa pansi pa mpando wakutsogolo. Ogwira ntchito pachipata nawonso azitsatadi malire a makilogalamu 7 amene makampani ambiri anaika pa katundu wolowa naye m'ndege, m'malo mongoyang'ana munthu akudutsa ndi zikwama zitatu.