Chikondwerero cha mafilimu a anthu osamva: kwa Zimbabwe kapena kwa South Africa, tingatengere kuti?

Papepala, Zimbabwe ndi imene inayamba kuvomereza chinenero cha manja. Malamulo oyendetsera dzikolo a 2013 anaika chinenero cha manja pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. South Africa inachedwa ndi zaka khumi: Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu July 2023 kuti chinenero cha manja chikhale cha nambala 12. Koma mukafunsa kumene munthu wosamva angagwire kamera, kutsogolera sewero ndi kulandira malipiro ake, ambiri angaloze ku Johannesburg, osati ku Harare.

Chifukwa chake n'choti ku South Africa anthu osamva analowa kale m'nyumba zopangira mapulogalamu. Kwa zaka zambiri wailesi ya kanema ya boma, SABC, yakhala ikuonetsa DTV, pulogalamu imene oulutsa ake ndi osamva ndipo amalankhula ndi manja. Ku yunivesite ya Wits munthu amaphunzira chinenerochi mpaka kutenga digiri, ndakatulo za manja zili momwemo. Mu 2011 mzinda wa Durban unalandira msonkhano waukulu wa World Federation of the Deaf, bungwe la anthu osamva padziko lonse. Chikondwerero cha mafilimu chimafuna anthu ozolowera ntchitoyi, ndipo kumeneko alipo. Sikuti zonse n'zokoma ayi. Dziko lomweli ndi limene mu December 2013, pamwambo wokumbukira Nelson Mandela, linaimika ngati womasulira munthu womangogwedeza manja opanda tanthauzo, dziko lonse lapansi likuonera. Amene anaulula chinyengocho anali osamva eniake.

Ku Zimbabwe ndalama n'zochepa, ndiye ntchito yambiri ili m'manja mwa mabungwe monga Deaf Zimbabwe Trust, malo a Nzeve ku Mutare ndi sukulu ngati Emerald Hill ku Harare. Ine ndimaiona njira yawoyi kukhala yapafupi ndi ife, chifukwa imayambira pamene ana osamva amakumana kale.

Tsono chimasintha n'chiyani osamva akakhala patsogolo? Zinthu zing'onozing'ono zimene wakumva sangaziganizire. Magetsi a m'holo sazimitsidwa onse, chifukwa mumdima munthu sangacheze ndi mnzake. Pofuna kuyamba, saliza belu koma amaphethiritsa magetsi. Wojambula sayandikitsa kamera pankhope pokha, amasiya thupi kuyambira m'chiuno kuti manja asadulidwe, poti kudula manja n'kudula mawu pakati. Sewero likatha simumva phokoso la m'manja, mumaona manja ali m'mwamba akupukusidwa holo yonse. Ndipo womasulira amakhalapo kuti athandize ife akumva, amene tsikulo ndife alendo. Izi n'zosiyana kwambiri ndi kabokosi kakang'ono ka womasulira kamene timakaona pakona ya kanema nthawi ya nkhani.

Kuno ku Malawi malamulo oyendetsera dziko satchula chinenero cha manja, ndipo omasulira ndi ochepa kwambiri. Komabe tili ndi bungwe la anthu osamva la MANAD, tili ndi sukulu za Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba, kumene ana amafotokozerana nthano ndi kuchita zisudzo tsiku lililonse. Foni ya m'manja imajambula filimu ya mphindi zisanu bwinobwino. Pa 23 September, tsiku lokumbukira zinenero za manja padziko lonse, mafilimu otere angaonetsedwe m'holo ya sukulu, osankha opambana n'kukhala osamva okhaokha.

Chimodzi chokha chosayenera kukopera ndi chinenerocho. Manja a ku South Africa, a ku Zimbabwe ndi a kuno salankhula zofanana, moti filimu ya ku Mutare ikafika ku Mua idzafunika mawu olembedwa pansi kapena womasulira wosamva wodziwa mbali zonse ziwiri. Ndalama ya womasulira ameneyu iyenera kulowa m'bajeti ya chikondwererocho isanalowe ya mlendo wolemekezeka.