Mpira wa ku England umakoma ukakhala ku Ndirande

Abale akumudzi, lekani kutifunsa ife okhala kuno ku UK pa WhatsApp kuti "ku Old Trafford mwafikako kale?" Funso limeneli limabaya pamtima. Mnyamata wolipira kandalama kochepa pa video show ku Ndirande kapena ku Kawale amaonera Premier League yambiri kuposa munthu wokhala mu Manchester mwenimwenimo, amene phokoso la masapota amalimva pawindo.

Loweruka lililonse la ligi, kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, palibe kanema wa ku UK wololedwa kuonetsa mpira uli mkati. Lamuloli ndi la m'ma 1960, ati anthu azipita kukaonera matimu ang'onoang'ono a m'dera lawo m'malo mokhala pampando kunyumba. Ndiye gemu ya 3 koloko, imene ku Lilongwe mukuionera pa SuperSport nthawi ya 5 koloko (kapena 4 koloko kuno kukakhala chilimwe), kuno timangoimvera pa wailesi, kapena kudikira Match of the Day pa BBC cha m'ma 10 koloko usiku kuti tione zigoli zokha. Amene ali ku Area 25 ndi amene amatiuza kuti wagoletsa ndani.

Magemu otsalawo anawagawa ngati nyama ya pa chinkhoswe. Ligi ili ndi matimu 20 ndi magemu 380. Kuyambira sizoni ya 2025/26, Sky Sports imaonetsa osachepera 215, TNT Sports 52. Mabilu awiri amenewo. Champions League ili pa TNT, koma gemu imodzi ya Lachiwiri ili pa Amazon Prime. Bilu yachitatu. Pamwamba pake pali TV Licence, laisensi yoonera kanema, imene mu 2025 inali £174.50 pachaka, ndipo imafunika ukamaonera chilichonse chimene chikuulutsidwa nthawi yomweyo, kaya pa kanema kaya pa foni, ngakhale BBC sumaitsegula n'komwe. Akakugwira, chindapusa chimafika £1,000. Makontirakiti ambiri amakumanga miyezi 18 kapena 24, ndipo ntchito ikatha kapena ukasamuka tawuni, biluyo imakulondola.

Kenako pamatulukira m'bale wina pagulu la WhatsApp, ati ali ndi ka Fire Stick, kachipangizo konga kamtengo kolumikiza ku kanema, kotsegula matchanelo onse pamtengo wozizira. Chikomekome cha mkuyu. Mu 2023 amuna asanu amene ankagulitsa mpira wakuba wa pa intaneti anagamulidwa zaka zoposa 30 onse pamodzi, mtsogoleri wawo yekha zaka 11. Mlendo wa pa viza akagwidwa akugulitsa timitengo timeneti, nkhani yake siyothera pa chindapusa.

Tsono tikiti yolowera m'bwalo. Kwathu umafika pageti la Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma, kulipira, n'kulowa ku open stand. Kuno kumatimu akuluakulu geti lotero kulibe. Ku Arsenal, Liverpool kapena Manchester United umayamba walipira umembala wa pachaka, ndipo umembalawo si tikiti, ndi chilolezo chabe choima pamzere. Kukatsala masabata angapo amatsegula zogulitsa kapena kuchita maere pa intaneti, ndipo pa magemu akuluakulu amayamba aona kuti wakhala ukupita kangati m'mbuyomu. Watsopano alibe mbiri, choncho sapeza tikiti. Popanda tikiti sapanga mbiri. Mwayi wake uli pa gemu ya Carabao Cup ya pakati pa sabata, usiku, mvula ikuwaza. Kumapeto kwa 2024 Manchester United inaika matikiti otsala a mamembala pa £66, mwana ndi nkhalamba mtengo umodzi. Matikiti a masapota oyenda ndi timu kubwalo la eni sapitirira £30 mu Premier League chiyambire 2016, koma amenewo amathera kwa anthu amene akhala akuyenda ndi timu zaka ndi zaka.

Chopweteka kwambiri ogwira mashifiti ndi ichi: tsiku lolembedwa pa ndandanda wa mu Juni si lomaliza. Akanema akasankha gemu, imachoka Loweruka kupita Lamulungu madzulo kapena Lolemba 8 koloko usiku. Iwe unapempha kale tsiku lopuma, unasinthana shifiti ndi mnzako, unagula tikiti ya sitima ya Advance imene sabweza ndalama. Zonse zapita m'madzi. Musagule tikiti ya sitima timu isanatsimikize tsiku ndi nthawi.

Kugula kwa munthu wa pa Facebook kapena woima pakona ya bwalo ndiko kutaya ndalama. Kugulitsa tikiti ya mpira popanda chilolezo cha timu ndi mlandu chiyambire 1994, ndipo matikiti a masiku ano ali pa foni, olumikizidwa ku dzina la membala. Timu ikazindikira imaithimitsa, iwe n'kukaona getsi lofiira pageti, £200 itapita. Ukalowa, usavale jezi ya alendo pakati pa eni bwalo, usadumphe alendo akagoletsa. Alonda amakutulutsa ndipo palibe wokubwezera kanthu. Mowa saloleza kumwera poonekera bwalo chiyambire 1985. Kuthamangira m'bwalo, kumene kwathu timachita timu ikatenga chikho, kuno ndi mlandu wa kukhoti pansi pa lamulo la 1991, pamodzi ndi kugenda komanso nyimbo zonyoza mtundu wa munthu. Khoti likhoza kukuletsa mpira zaka zosachepera zitatu, ndipo mlanduwo umadzaonekera pa DBS, kalata yoonetsa ngati unapalamulapo mlandu, ukafuna ntchito yosamalira okalamba, komanso pokonzanso viza.

Wina anena kuti bwanji osangousiya mpirawo. Sungathe. Anthu a kuno salonjerana mpaka kufunsana za ana ndi mbuzi ngati ife. Pakhomo polowera kucheza ndi nyengo ndi mpira basi. Lolemba kuntchito, wosadziwa zimene zachitika Loweruka amadya yekha. Koma ukanena kuti ndiwe wa Chelsea ukukhala ku Sunderland, amakuyang'ana ngati wakuba, chifukwa kwa iwo timu ndi choloŵa cha bambo ndi agogo, sasankha poona amene akuwina. Ku Glasgow ndiye samalani zenizeni: Celtic ndi Rangers ndi nkhani ya Akatolika ndi Apulotesitanti komanso ya Ireland, ndipo jezi yogula pa kaunjika ku Limbe ikhoza kukuputira mavuto pabawo yolakwika. Kiriketi ndi rugby zili ndi eni ake, makamaka a sukulu zolipira, ndipo sizikusowani. Zakuti mwana wakuda ndi Mngelezi akamagoletsa basi tinaziona pa 11 Julaye 2021, Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka ataphonya mapenate a England pa fainolo ya Euro pa Wembley n'kutukwanidwa pa intaneti usiku womwewo.

Anyamata amene munkasewera mu Super League kapena m'madivishoni kwathu, mverani bwino apa. Viza ya sukulu, ya Skilled Worker ndi ya Health and Care zonse zimaletsa kugwira ntchito ngati katswiri wa masewero kapena kochi. Katimu ka m'tawuni kakakupatsa kenakake m'manja pakutha pa gemu, kwa Home Office, unduna woona za maviza, amenewo ndi malipiro, ndipo waphwanya zimene unasayinira. Tanthauzo lawo la katswiri ndi lotambalala, limayang'ananso kumene unasewera zaka zinayi zapitazo. Funsani kaye musanasayine fomu ya timu iliyonse.

Ana nawonso sasewera mwaulere. Kuno kulibe bwalo la fumbi ndi mpira wachikulunga kuti mwana azingobwera dzuwa litalowa. M'makhoma ambiri munapachikidwa zikwangwani zoletsa mpira, ndipo mabwalo abwino amachita kubukitsa n'kulipira pa ola. Mwana ayenera kulembetsa kutimu ya m'dera: ndalama yolembetsera, ya mwezi ndi mwezi, nsapato za pa udzu, zina za pabwalo la pulasitiki, zotchinga miyendo, jekete ya mvula. Phazi likukula sizoni iliyonse. Magemu amakhala Loweruka kapena Lamulungu m'mamawa, kutali kosafika basi, nthawi yomwe makolo ambiri a kwathu ali pa shifiti kapena kutchalitchi. Mwana akajomba kawiri katatu amakhalira benchi. Ngati ali ndi zaka 10 kupita m'tsogolo ndipo alibe pasipoti ya kuno, malamulo a FIFA amafuna chilolezo chapadera asanalembetsedwe, ndiye konzekani pasipoti, setifiketi ya kubadwa, kalata ya kusukulu ndi umboni wa ntchito ya makolo. Anzake akusewera, iye akudikira mapepala masabata. Kholo limaima kuseri kwa chingwe, osakalipira oyimbira, amene nthawi zambiri ndi kamnyamata ka zaka 15. Ndipo wina akakuuzani kuti mulipire kuti mwana akayesedwe ku akademi ya timu yaikulu, sungani ndalama zanu. Matimu amenewo ali ndi anthu awo oyenda m'mabwalo, salipiritsa mayeso.

Chokhacho chimene amakutsegulira khomo ndi manja awiri ndi juga. Mashopu obetcha adzadza m'misewu ya madera osauka, kumene alendo timapeza nyumba, ndipo pa foni akaunti imatseguka mphindi zisanu. Boma lenilenilo linaona kuti zafika poipa: mu Epulo 2019 linatsitsa ndalama yoponya kamodzi pamakina a m'mashopuwo kuchoka pa £100 kufika pa £2, mu 2020 linaletsa kubetcha ndi khadi la ngongole. Koma ka £10 ka Loweruka lililonse kamalembedwa pa sitetimenti ya kubanki dzina la kampani lili poyera, ndipo tsiku lofuna ngongole ya nyumba amakupempha masitetimenti a miyezi itatu n'kuwerenga mzere ndi mzere. Amene zamufika pakhosi alembetse pa GAMSTOP, ndi yaulere, imatseka maakaunti onse a makampani ovomerezeka a pa intaneti nthawi imodzi. Ya pashopu ya pakona imafuna kukadziletsa padera.