Ntchito yaikulu ya mayi Pauline Bart mwangoidutsa

Zikomo alembi pokumbukira mayi Pauline Bart, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Myuda wobadwira ku Brooklyn m'dziko la America mu 1930 yemwe anatisiya mu 2021. Komabe nkhani yanu yakhazikika kwambiri pa uphunzitsi wawo ku University of Illinois ku Chicago, n'kungotchula mothamanga buku la 1985 lija, Stopping Rape (Kuletsa Kugwiririra), lomwe analemba ndi Patricia O'Brien. Kwa ine, pamenepo ndi pomwe pagona ntchito yawo.

Masiku amenewo amayi ankalangizidwa kuti munthu akafuna kuwagwiririra asalimbane naye, kuopa kumupsetsa mtima. Mayi Bart anakhala pansi ndi amayi 94 omwe anakumanapo ndi zoterezi, ena ogwiriridwa, ena opulumuka, n'kuwafunsa mmodzimmodzi zomwe anachita. Anapeza kuti omwe anakuwa, kuthawa kapena kumenyana nacho chigawengacho ndiwo ankapulumuka kawirikawiri, pomwe kuchonderera kokha sikunkathandiza kwenikweni. Ena amadandaula kuti mfundoyi imaloza chala amene sanathe kudziteteza. Ine sindikuona choncho. Mlandu ndi wa wogwiririrayo basi, ndipo mayiwa ankafuna kuthetsa bodza lomwe linkamanga amayi manja.

Musaiwalenso kafukufuku wawo woyamba ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, wa amayi a zaka zapakati omwe ankadwala matenda ovutika maganizo ana akakula n'kuchoka pakhomo. Anaonetsa kuti ovutika kwambiri anali omwe moyo wawo wonse anaupereka pa kulera ana, ndipo vutoli analiona kwambiri pakati pa amayi achiyuda anzawo. Chonde mudzatilembere nkhani yapadera pa gawo limeneli.