Kodi zipembedzo zonse zimanenadi chinthu chimodzi?

Mawu akuti "Mulungu ndi mmodzi, njira zokha ndizo zosiyana" amamveka kawirikawiri pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko, makamaka abusa ndi mashehe akakhala pamodzi kutsogolo. Anthu amavomereza ndi mitu chifukwa mawuwa amaziziritsa mitima. Maganizo anga ndi akuti mawuwa ndi aulemu koma si oona kwenikweni, ndipo mtendere umene ulipo pakati pa zipembedzo m'Malawi muno sunamangidwe pa iwo.

Pali pamene zipembedzo zimakumanadi, ndipo sindikutsutsa zimenezo. Msilamu amapereka zakaati, Mkhristu amapereka chakhumi ndi zachifundo, ndipo makolo amene ankapempha mvula kudzera mwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ankadziwa kale kuti mwana wamasiye sagona ndi njala mudzi uli ndi anthu. Kuba, kupha ndi kunamizira mnzako n'zoletsedwa ponseponse. Koma kugwirizana pa makhalidwe sikufika pa phata la chikhulupiriro.

Tatengani nkhani ya Yesu. Mkhristu amakhulupirira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, kuti anafa pamtanda ndi kuuka tsiku lachitatu, ndipo Paulo analembera Akorinto mosabisa kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chawo n'chopanda pake. Qur'an imalemekeza Yesu, amene imamutcha Isa, ngati mneneri wamkulu wobadwa mwa namwali Mariam, amene sura 19 imatchedwa ndi dzina lake, komabe sura 4 ndime 157 imanena kuti sanamuphe ndipo sanamupachike, pomwe sura 112 imati Mulungu sanabereke ndipo sanaberekedwe. Munthu mmodzi sangakhale kuti anapachikidwa komanso sanapachikidwe. Apa wina akunena zoona ndipo wina akulakwitsa, ndipo shehe ndi mbusa amene anaphunzira mabuku awo amazidziwa bwino zimenezi ngakhale akamapatsana moni mwansangala. Tikapita kutali kusiyanaku kumakula, pakuti Chibuda cha Theravada, chofala ku Thailand ndi ku Sri Lanka, sichiphunzitsa za Mlengi, ndipo Ahindu amakhulupirira kuti munthu amabadwanso kambirimbiri, pamene Akhristu ndi Asilamu amati munthu amafa kamodzi n'kudikira chiweruzo.

Ena amayankha kuti pansi pa ziphunzitso zonsezi pali choonadi chimodzi chimene chipembedzo chilichonse chimangoona mbali yake. Yankholi limamveka lodzichepetsa, koma woliyankhayo wadziika pamwamba pa onse, chifukwa kuti adziwe kuti enawo akuona mbali chabe, ndiye kuti iyeyo akuona chonsecho. Kuonjezera apo, akuuza munthu amene wasala mwezi wonse wa Ramadan, kapena mayi wa Mvano amene wakalamba akuimba za mtanda, kuti chimene iwo amachiyesa ufa ndi gaga chabe. Ine sindikuona ulemu pamenepo. Mpingo wa Katolika, m'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965, unalankhula mosamala kuposa apa: unati sukana chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zina, unanenanso kuti umalemekeza Asilamu, koma sunasiye kulalikira Khristu.

Mbiri yathu ikuonetsa kuti anthu angathe kuyendera limodzi popanda kunamizana kuti ndi ofanana. Maepiskopi Achikatolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma mu Malichi 1992, bungwe la Public Affairs Committee (PAC) linakhazikitsidwa chaka chomwecho, ndipo mipingo yachikhristu ndi Asilamu anaima pamodzi pokambirana ndi boma la Kamuzu Banda mpaka referendamu ya pa 14 Juni 1993 inachitika. Palibe amene anauzidwa kuti ayambe wasiya chikhulupiriro chake pakhomo.

Mkangano wa hijabu umene unabuka ku Balaka mu 2019 ndiwo umaonetsa bwino nkhaniyi. Zikanakhala kuti zonse n'chimodzimodzi, bwenzi tikunena kuti anthu ankakanganirana kansalu chabe. Koma kwa mtsikana wachisilamu ndi makolo ake, kufunda kumutu ndi kumvera Mulungu, ndipo kwa mpingo umene unamanga sukulu, sukuluyo ndi gawo la utumiki wake. M'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu onse, ndipo sukulu zambiri zili m'manja mwa mipingo, nkhani yotere sikanatha ndi mawu okometsera. Inatha mu 2021 atsogoleri a mbali zonse, mothandizidwa ndi PAC, atakhala pansi, kuvomereza kuti amasiyana, n'kusainirana mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma.